Tayala la R1,800 ndi mvula yoyamba ya ku Joni

Njinga yanga yamoto ndi Suzuki Boulevard M109R, ndinaigula yoyendapo kale kuno ku Johannesburg. Injini yake ndi ya 1,783 cc, masilinda awiri, ndipo ikathiridwa mafuta imalemera pafupifupi makilogalamu 350. Ilibe tcheni, mphamvu imafika kumbuyo kudzera pa shafti. Chimene anthu amayamba kuona ndi tayala lakumbuyo. N'lotambalala mamilimita 240, moti ndikaima pa maloboti madalaivala a minibasi amatulutsa mutu n'kufunsa ngati ndinachotsa la galimoto. Tayala limenelo ndi limene linandikopa pogula njingayi, ndipo ndi lomwelonso linandionetsa zakuda.

Ine njinga ndinaphunzirira kumudzi, pa Yamaha AG 200 ya amalume amene anali alangizi a zaulimi. Tayala likatha ankandituma ku Limbe. Umangotchula saizi, wamalonda n'kukutsitsira atatu, iwe n'kusankha lotchipa, kulikoleka pa phewa, basi wa kunyumba. Khalidwe limenelo ndinawoloka nalo Limpopo osalisiya.

Tayala lakumbuyo limene ndinaipeza nalo njingayi linanditengera makilomita pafupifupi 7,000. Silinathe mofanana ayi. M'mbali munali mizere yakuya bwinobwino ngati latsopano, koma pakati panasalala ngati dazi, ndipo panaphwatalala. Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Ndimayenda pa N1 tsiku ndi tsiku, msewu wowongoka, njinga ili chiimire, ndipo pa loboti iliyonse ndinkakonda kupotokola mafuta kuti anthu amve kulira kwake. Injini imeneyi imakoka mwamphamvu kuyambira pansi penipeni, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa kachigawo ka labala kosaposa chikhatho cha munthu. Tayala likaphwatalala pakati choncho, njinga imakana kupendekeka pokhota. Umaikakamiza, imalimbalimba, kenako ikadutsa pa m'mphepete paja imangogwera mkati mwadzidzidzi. Ndinkaganiza kuti ndi mmene njinga zazikulu zimakhalira. Ndinkalakwitsa.

Nditafunsa mtengo wa latsopano m'mashopu awiri, mutu unaima. Kupitirira R5,000, tayala limodzi, osawerengera yomangitsa. Mwezi umenewo kunyumba kunali fizi ya ana ndi ya feteleza. Ndiye pa gulu lina la pa intaneti ndinaona munthu akugulitsa tayala la saizi ya njinga yanga, 240/40R18, akuti silinamangidwepo, R1,800. Ndinapita kukaliona madzulo, m'galaja ya munthuyo. Linalidi losayendapo, timaubweya ta labala tija tonse tili pomwepo. Ndinayang'ana saizi, inali yomweyo. Ndinalipira ndikumwetulira, ndikudziona wochenjera kuposa azungu onse amene amataya ndalama m'mashopu. Sindinafunse munthu aliyense. Anandimangira mnyamata wina wokonza njinga kuseri kwa nyumba yake, ndipo kutsogolo ndinasiya lakale lomwe lija, la kampani ina.

Miyezi ya June, July ndi August ku Gauteng sikugwa mvula, ndiye tayalalo linkaoneka ngati lili bwino. Linkangomveka lolimba, ukaponda kamwala umakamva m'msana, koma ndinkati ndi utsopano. Tsiku lake linafika mu October 2021. Lamlungu m'mawa tinapita ku Hartbeespoort ndi anzanga, monga amachitira okwera njinga ambiri a ku Joni, kukadya chakudya cha m'mawa n'kubwerera. Pobwerera pa R512 mitambo inada mbali ya Lanseria, ndipo amene amakhala kuno akudziwa mmene mvula ya kuno imabwerera, yopanda moni. Inali yoyamba dzinja limenelo. Mafuta ndi dizilo zimene zinadontha pa msewu chilimwe chonse zinayandama, phula likunyezimira ngati nsomba.

Loboti itatsegula ndinanyamuka mwaulemu ndithu, poti ndinkaona kuti kwanyowa. Nditalowetsa giya yachiwiri ndikukhotera kumanja, tayala lakumbuyo linaponda muvi wopentedwa uja wa pa msewu. Sindinamve phokoso lililonse. Ndinangoona kuti kumbuyo kwa njinga kukufuna kundipitirira, injini ikulira yokha. M109R ilibe ABS, makina oletsa mawilo kuuma ukagwira mabuleki, ilibenso makina aja oletsa tayala kupalasa, zonse zili m'dzanja lako. Ndinaponda pansi ndi mwendo wakumanja, chinthu chimene suyenera kuchita ndi njinga ya makilogalamu 350, tayala linagwiranso mwadzidzidzi, njinga inandigwedeza kawiri n'kuwongoka. Sindinagwe. Koma bondo linatupa masabata atatu, ndipo ndinaima pambali pa msewu manja akunjenjemera moti ndinalephera kuvula magolovesi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kudya phula lenileni la pa R512.

Lolemba ndinapita ku shopu ya matayala a njinga zokhazokha. Kumeneko ndinakumana ndi bambo wina wa kwathu, wa ku Machinga, amene wakhala akumanga matayala zaka zambiri. Anamva kalankhulidwe kanga ka Chingerezi n'kundilonjera m'Chichewa. Nditawafotokozera sanandiseke. Anagwada, n'kupukuta m'mbali mwa tayala ndi kansanza, n'kuloza ndi chala.

"Achimwene, tawerengani apa."

Panali zilembo DOT, kenako zina zosamveka, ndipo kumapeto, m'kabokosi kozungulira, manambala anayi: 1413.

"Sabata ya 14, chaka cha 2013," anatero. "Tayala ili ndi lamsinkhu wa mwana wa Sitandade 3. Lakhala m'galaja zaka 8, mwina pafupi ndi zenera. Tadinani ndi chikhadabo."

Ndinadina. Chinali ngati ndikudina chidebe cha pulasitiki. Anandipatsa latsopano kuti ndidine, chikhadabo chinalowa n'kusiya kachizindikiro kamene kanabwerera pang'onopang'ono. Kenako anawalitsa tochi ya foni m'mizere ya langa lija, ndipo pansi pa mzere uliwonse panali timing'alu tating'ono ngati chidendene cha munthu woyenda opanda nsapato. Labala amauma ndi zaka ngakhale tayala lisanayendepo, makamaka likamakhala potentha kapena padzuwa. Manambala anayi amenewa ali pa pafupifupi tayala lililonse lopangidwa kuyambira chaka cha 2000, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. A Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Pa njinga yamphamvu ngati iyi ine sindingadikire zaka 10. Pogula ndimakana lililonse lopitirira zaka ziwiri, ndipo ndimawerenga ndekha ndisanatulutse khadi.

Tsiku limenelo anandikhazika pa kabenchi n'kundiphunzitsa kuwerenga tayala ngati mwana wa sukulu. Buku la njinga yanga limati kumbuyo 240/40R18 79V, kutsogolo 130/70R18 63V. Ine ndinkathera pa 18, zotsatirazo ndinkaziona ngati zokongoletsa. 240 ndi kutambalala kwake m'mamilimita. 40 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi lotalika magawo 40 pa 100 a kutambalalako, ndiye kuti mamilimita 96 okha, nambala imene ndinadzaikumbukira bwino pa maenje a ku Tete. R ndi mtundu wa kapangidwe ka mkati, radial, ndipo 18 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 79 ndi katundu amene tayala lingasenze, makilogalamu 437, pamene 63 ndi makilogalamu 272. V ndi liwiro limene linayesedwa kupirira, makilomita 240 pa ola. H ndi 210.

Apa ndinatsutsa. Ndinati ine sindithamanga 240, za V ndi za chiyani? Iwo anati nkhani si kuthamanga kokha, ndi kutentha. Tayala limapindika n'kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikako kumalitenthetsa. Njinga yolemera, munthu wolemera, mayi kumbuyo, zikwama, dzuwa la December, zonsezo zimawonjezera moto mkati. Chilembo chija chimakuuza kuti mkati mwake munamangidwa molimba bwanji. Anandichenjezanso za msampha umodzi wa saizi yakutsogoloyi: 130/70R18 ndi saizi yomweyonso ya kutsogolo kwa Honda Gold Wing GL1800, koma ya Gold Wing imakhala 63H. Wogulitsa wofulumira akhoza kukutsitsira limenelo, saizi n'kugwirizana, chilembo n'kusiyana. A inshuwalansi akafuna pothawira pa ngozi, zinthu ngati zimenezi ndi zimene amayang'ana.

Za R zija ndinene pang'ono, poti anzanga a Harley-Davidson amasokonezeka nazo. Njinga zambiri za mtundu wa cruiser, zazitali ndi zotsika ngati yangayi, zimabwera ndi matayala a bias, mtundu wina wa kapangidwe ka mkati, olembedwa B kapena kamzere chabe, amene khoma lake ndi lolimba. Zina zimabwera ndi radial. Pali njinga zochepa zimene kampani yake inaphatikiza dala mitundu iwiriyi, koma ngati buku la njinga yanu silinatero, musaphatikize nokha. Kutsogolo ndi kumbuyo kumapindika mosiyana, njinga n'kumayenda ngati ikukambirana yokha.

Lakutsogolo langa analiyendetsa chikhatho pamwamba n'kundiuza kuti ndichite chimodzimodzi. Linali ndi mabampu, kukwera n'kutsika ngati malata. Mizere inalipo yokwanira, kupitirira milimita imodzi imene lamulo la South Africa limafuna, koma linali litadyeka mokhotakhota chifukwa choyenda ndi mpweya wochepa. Ndi chifukwa chake chiwongolero chinkanjenjemera ndikamachepetsa liwiro cha m'ma 60. Ndiye nkhani inasintha, kuchoka pa tayala limodzi kufika pa awiri.

Posankha panali ziyeso ziwiri zimene ndikufuna kuzitchula, chifukwa aliyense wokhala ndi njinga ya tayala lalikulu adzakumana nazo. Choyamba ndi kukulitsa. Eni M109R ambiri amaika 250, ena mpaka 260, pa limu yomweyo, ati kuti izioneka yoopsa. 250 ambiri amayenda nalo osadandaula, sindikana. Koma tayala likatambalala kuposa limu yake limafinyika, kuzungulira kwa msana wake kumasintha, ndipo njinga imene kale inali yolemera pokhota imalemererabe. Tayala lotambalala silikupatsa kugwira kwaulere. Pokhota, malo amene likugunda pansi amasunthira kutali ndi pakati pa njinga, ndiye umafunika kupendekeka kwambiri kuti ukhote kona yomweyo, pamene zopondera za cruiser zimakhala pansi, sizichedwa kukhula msewu. Ine ndinatsala pa 240.

Chachiwiri ndi tayala la galimoto. Alipo amene amamanga, makamaka ku America, amati limatenga makilomita ochuluka pa mtengo wochepa, ndipo mnzanga wina wa ku Bulawayo anandilimbikitsa kwambiri. Bambo a ku Machinga aja anangotenga la galimoto n'kuliimika pansi, linaima lokha. Anaimika la njinga, linagwa. "Ili analipanga kuti liziima, ili analipanga kuti lizipendekeka. Inu njinga yanu imakhota chiimire?" Anawonjezera kuti mkombero wa limu ya njinga ndi wa galimoto sizofanana, ndipo shopu yawo simanga zimenezo ngakhale munthu alipire kawiri. Nkhani inathera pomwepo.

Zotsala zinali zenizeni tsopano, ndipo apa ndi pamene munthu ayenera kudziuza zoona za mmene amayendera. Labala wofewa amagwira msewu bwino koma sachedwa kutha. Wolimba amakhalitsa koma amafuna ulemu pa mvula. Makampani amayesa kugwirizanitsa ziwirizi, ena poika labala wolimba pakati ndi wofewa m'mbali. Mu saizi ya 240 anandionetsa Pirelli Night Dragon ndi Metzeler Cruisetec, amene anapangidwira anthu okonda kukhota ndi kupotokola mafuta, komanso Michelin Commander II ndi Metzeler ME888 Marathon Ultra, amene amadziwika ndi kukhalitsa. Mtima unkafuna Cruisetec. Anzanga amene amapita ku Sabie ndi ku Long Tom Pass amalitama kwambiri, ndipo ndikanakhala wa maulendo amenewo ndikanatenga lomwelo. Koma ine pa makilomita 100 alionse, 90 ndi msewu wowongoka wopita ku ntchito. Komanso December ameneyo ndinali nditatsimikiza kupita kumudzi pa njinga, makilomita pafupifupi 1,700 kupita kokha, ndipo ndinkadziwa kuti ku Blantyre tayala la 240/40R18 sungalipeze pa shelefu. Ndinatenga ME888 awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, onse a chaka chomwecho, onse a V. Ndinalipira kawiri, theka tsiku lomwelo, theka kumapeto kwa mwezi. La R1,800 lija analiboola m'mbali ndi mpeni ndikuona, kuti lisakapezekenso pa njinga ya munthu wina.

Pomanga ndinaima pomwepo, ndipo ndikulangiza aliyense kutero. Tayala la njinga lili ndi muvi wosonyeza kumene liyenera kuzungulira, ndipo kulimanga chagada n'kosavuta munthu akatopa. Anasintha mavavu onse awiri, anabalansa mawilo, ndipo poti wilo lakumbuyo linali litachoka anapaka girisi pa mano a shafti, chinthu chimene mnyamata wa kuseri kwa nyumba uja sanachite. Mpweya anaika 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo, monga mwalembedwera pa kachikwangwani ka pa njinga. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire ake, si imene uyenera kupopa. Anandigulitsanso kageji kanga ka m'thumba, ati za pa filingi siteshoni zimagwetsedwa pansi tsiku lonse ndipo iliyonse imanena zake.

Potuluka anandigwira phewa. "Makilomita 150 oyambirira muziyenda ngati mwanyamula mazira, achimwene. Latsopano limaterera." Ndinamvera. Pa kona yoyamba, ndikuyenda pang'onopang'ono choncho, ndinadabwa. Njinga inapendekeka yokha, mosalala, osalimbana nane. Chaka chonse ndinkaimba mlandu Suzuki pa zinthu zimene zinali za matayala.

Ulendo wa kumudzi unali mayeso ake. Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kenako Tete. M'mawa uliwonse ndisanalize injini ndinkayeza mpweya, matayala ali ozizira. Ku Tete, masana, dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo, ndinayeza mwachidwi chabe n'kupeza lakumbuyo lakwera kupitirira 3.2. Dzanja linafuna kuphwetsa, koma ndinakumbukira kuti anandiletsa. Tayala lotentha limakwera mpweya mwachibadwa, ukaliphwetsa pamenepo m'mawa umalipeza lili lochepa, ndipo lochepa mpweya ndi limene limatentha kwambiri.

Maenje ndi nkhani ina. Khoma la mamilimita 96 silikhululuka. AG 200 ya amalume inkalowa m'dzenje n'kutuluka ikuseka, koma iyi ukalowa nayo pa liwiro limu imagunda m'mphepete mwa phula n'kupindika, ndipo tayala lopanda chubu limu ikapindika mpweya umathawa. Pakati pa Tete ndi Zóbuè ndinkayenda pang'onopang'ono, ndikusiya mpata waukulu kumbuyo kwa mathiraki kuti ndizitha kuona pansi. Usiku sindinayende n'komwe.

Msomali unandipeza pobwerera, pafupi ndi Mutoko. Ndinamva kumbuyo kukulemera, ndinaima, ndipo unali pakati penipeni pa tayala lakumbuyo. Mwayi wake unali umenewo, chifukwa bowo la m'mbali silimatidwa. Ndinali nditanyamula tizingwe tomatira bowo la tayala ndi kapampu kolumikiza ku batire. Ndinazula msomali ndi pulayala, kukulitsa bowo, kulowetsa kachingwe, kudula, kupopa, kupaka malovu kuona ngati pakutuluka thovu. Ana a sukulu anandizungulira ngati ndikuchita matsenga. Kuchokera pamenepo sindinapitirire 80 mpaka ku Harare, ndipo nditafika ku Joni anachotsa tayala n'kumata chigamba cha mkati. Kachingwe ndi kongokufikitsa kumene kuli thandizo.

Lakumbuyo limenelo linanditengera makilomita opitirira 13,000, lakutsogolo linapitirira pamenepo. Musatenge nambala yangayi ngati lonjezo, poti ndinasiyanso zopalasa pa maloboti, ndipo mpweya ndimayeza Lamlungu lililonse. Mnzanga wa njinga ngati yomweyi, tayala lomweli, sanafike 10,000. Dzanja lake ndi lolemera. Pa mvula ME888 landisunga bwino, ngakhale mivi yopentedwa ndi zivundikiro zachitsulo za pa msewu ndimazilambalalabe, bondo limandikumbutsa.

Ku Mwanza, tsiku limene ndinalowa m'dziko, nditangomaliza za mapepala, anyamata a kabaza anasiya makasitomala n'kuizungulira njinga. Wina anayeza tayala lakumbuyo ndi zikhatho, ziwiri ndi theka. Anandifunsa mtengo wake, ndinamuuza m'makwacha, anagwira pakamwa n'kunena kuti ndalama imeneyo iye amagula matayala a chaka chonse a siteji yawo yonse. Kenako ndinagwada pa njinga yake, ndinapukuta fumbi m'mbali mwa tayala lake lakutsogolo n'kumuonetsa manambala anayi aja. Anawerenga, anawerengera pa zala, n'kuitana mnzake.

"Aise, tabwera ndi yako tione."